Chifukwa chake chipatala chimatalikira ena kwa Kapichi

Munthu wa mumzinda wa Blantyre akadwala amasankha pakati pa chipatala cha boma ndi zipatala zolipira zimene zili m'tauni. Kwa T/A Kapichi m'boma la Thyolo, funso loyamba limakhala la mtunda: kodi wodwalayo afika wapansi, pa njinga yakapalasa kapena pa kabaza?

Malo amene zipatala za m'bomali zinamangidwa akutsatira mbiri ya nthaka. Minda ya tiyi monga Satemwa, imene inayamba mu 1923, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba inatenga malo aakulu achonde, ndipo midzi inapanikizana m'mphepete mwa mindayo ndi m'zitunda. Zipatala zinadza potsata eni minda, amishoni, misewu ndi njanji. Chipatala cha Malamulo ku Makwasa chinakula pa mishoni ya mpingo wa Seventh-day Adventist imene inakhazikitsidwa mu 1902, chipatala chachikulu cha boma chili pa Thyolo boma, pamene chipatala chaching'ono cha Khonjeni, chimene anthu ambiri a kwa Kapichi amadalira, chili pamalo amalonda amene anakula chifukwa cha siteshoni ya sitima.

Mitundu itatu ya zipatalayi imasiyana pa kalandiridwe ka odwala. Cha boma n'chaulere, koma mzere umatalika ndipo mankhwala ena amatha. Za mishoni, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, n'zolipira, kupatula thandizo la amayi oyembekezera ndi ana pamene pali mgwirizano ndi boma. Za m'minda ya tiyi zinakhazikitsidwa makamaka pofuna kuthandiza ogwira ntchito ndi mabanja awo. Choncho banja likhoza kukhala pafupi ndi chipatala koma n'kuchipitirira chifukwa chosowa ndalama kapena chifukwa palibe wapabanjapo amene ali pa ntchito kumundako.

Pa chipatala chaching'ono, wodwala amaonedwa ndi namwino kapena wothandizira dokotala. Matenda akakula, monga mayi amene akufunika opaleshoni pobereka, amatumizidwa ku Thyolo boma, ndipo zikakanika kumeneko amapita ku Queen Elizabeth ku Blantyre. M'nyengo ya dzinja misewu yafumbi imaterera, ndipo imeneyi ndiyonso nyengo imene malungo amachuluka komanso ntchito yothyola tiyi imafika pachimake. Wolipidwa potengera makilogalamu amene wathyola amadziwa kuti tsiku lothera pa mzere wa kuchipatala ndi ndalama yotayika, motero ena amazengereza mpaka matenda atakula.

Boma la Thyolo linaonetsapo kale kuti kufupikitsa mtunda kumapulumutsa miyoyo. Bungwe la Médecins Sans Frontières, mogwirizana ndi unduna wa zaumoyo, linayamba kupereka ma ARV pa chipatala chachikulu mu 2003, kenako ntchitoyi inafalikira m'zipatala zing'onozing'ono, anamwino n'kupatsidwa udindo umene kale unali wa madokotala okha. Lero alangizi a zaumoyo amathandizanso ana osakwana zaka zisanu m'midzi yovuta kufikako.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'bomali. Khonsolo ikamakambirana za pamene pamangidwe chipatala china, muyeso woyenera ndi maola amene mayi wobereka mwana kumbuyo amayenda kuchokera kumudzi wakutali kwambiri.