Kuyeza magazi kumene kumathandiza kudziwa mtundu wa chibayo

Amayi anzanga, mwana kapena agogo akamatsokomola, thupi likutentha, kupuma kukuvuta, ambirife timathamangira kukagula makapisozi a amoxicillin. Koma chibayo nthawi zambiri chimakhala pawiri: china chimayamba ndi mabakiteriya, china ndi mavairasi. Makapisozi aja amapha mabakiteriya okha. Kuwamwa chisawawa kumachititsa tizirombo kuwazolowera, ndipo tsiku lomwe mudzawafunedi sadzagwiranso ntchito.

Vuto ndi lakuti mitundu iwiriyi imafanana zizindikiro. Apa m'pamene magazi amathandizira. Thupi likamalimbana ndi matenda, chiwindi chimatulutsa puloteni yotchedwa CRP. Kwa munthu wabwinobwino CRP imakhala yochepa, kawirikawiri yosafika mamiligalamu 10 pa lita imodzi ya magazi. Matenda akalowa, imayamba kukwera pakangotha maola 6 mpaka 8, n'kufika pachimake pakatha masiku awiri. Mabakiteriya ndiwo amaikweza kwambiri kuposa mavairasi. Pali chinanso chotchedwa procalcitonin chomwe amayeza m'zipatala zikuluzikulu pa cholinga chomwechi.

Zotsatira zake zimamuunikira dokotala poyambira. Mu 2014 bungwe la NICE ku Britain linalangiza kuti kwa akuluakulu, CRP ikachepera 20 asafulumire kupereka makapisozi, koma ikaposa 100 apereke. Ikakwera chotero, ndi nzerunso kufufuza mozama: kujambula m'chifuwa, kuyeza makhololo, kapena kutenga magazi kukaona ngati muli mabakiteriya.

Komabe CRP siitchula dzina la matenda. Ili ngati utsi: imakuuzani kuti kwinakwake kwayaka moto, koma osati chomwe chikupsa. Malungo amaikweza, chifuwa chachikulu chimaikwezanso. N'chifukwa chake kuno kwathu wodwala wotentha thupi amayezedwanso malungo, ndipo yemwe watsokomola masabata awiri amatumizidwa kukapereka makhololo.

Si zipatala zonse zomwe zimayeza CRP, ndiye maso anu ndi ofunikabe. Mwana ali phee, werengani kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu. Wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, ndipo wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akapuma ka 40 kapena kuposa, chingakhale chibayo. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati popuma, akukana kuyamwa, akukomoka kapena wafooka kwambiri, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mwana wotere amayamba kulandira mankhwala osadikira zotsatira za magazi.

Dokotala akakuuzani kuti makapisozi sakufunika, musaganize kuti wakumanani. Funsani tsiku lobwereranso, ndipo wodwala akasintha bwererani msanga. Mukapatsidwa mankhwala, malizani monga mwauzidwira. Onaninso m'buku la kusikelo ngati mwana analandira katemera wa chibayo katatu konse; katemerayu anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2011. Mukakumana kumphakati, kumbutsanani zimenezi.