Tomato wanga ankafota ndi ludzu, ine n'kumapopera mankhwala

Mu Okotobala chaka chatha, chitsime cha m'dimba langa kufupi ndi Jenda chinayamba kuphwa. Pofuna kusunga madzi, ndinkangowaza pang'onopang'ono tsiku lililonse. Posakhalitsa masamba a tomato wanga wa Tengeru anayamba kupindika ndi kufota dzuwa likafika paliwombo. Ndinathamangira kugula mankhwala opopera ndi ndalama yomwe ndinasungira fizi ya mwana, koma palibe chinasintha.

Alangizi atabwera, anapisa chala m'nthaka pafupi ndi tsinde. Pamwamba panali ponyowa, pansi pali gwaa! "Bambo, awa si matenda, ndi ludzu," anatero.

Anandiuza kuti tsamba lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, makamaka kunsi kwake. Mmenemo ndi momwe mumalowa mpweya womwe mbewu imapangira chakudya, ndiponso momwe mumatulukira madzi oziziritsa tsamba, monga limachitira thukuta pa munthu. Mizu ikasowa madzi, mbewu imatseka timabowoto kuti isaume. Ikatero imapulumuka, koma chakudya chimachepa, tsamba limatentha, maluwa n'kumayoyoka. Dengu lomwe mukanakolola limathera pamenepo, mbewu ikuoneka yobiriwirabe.

Chinandipweteka kwambiri ndi zipatso zoda kunsi. Mchere wa calcium umayenda ndi madzi kuchoka m'nthaka, ndiye madzi akamapezeka mwa apo ndi apo, sufika kunsonga ya chipatso. Amayi opikula pamsika wa Jenda, m'mbali mwa msewu wa M1, ankangotembenuza tomato wotere n'kumuika pambali. Sindikuwada, nanenso sindikanagula.

Tsopano ndimayendera dimba m'bandakucha. Ngati masamba omwe anafota dzulo masana adzuka, mbewu ikungodziteteza ku dzuwa. Akakhala ofotabe nthaka ili youma, ludzu lafika poipa. Akafota nthaka ili yonyowa ndithu, apo ndiye ndimaitana alangizi, chifukwa angakhale matenda ofotetsa a m'nthaka.

Chaka chino ndabzala theka la malo akale, kuti chitsime chikwanitse. Ndimathirira m'mawa, patsinde, mpaka madzi alowe pansi, kenako n'kudumphitsa tsiku kapena awiri malinga ndi mmene nthaka ilili. Mabedi ndaphimbira ndi udzu wouma. Anzanga a m'dambo lathu amandiseka kuti ndachita ulesi, koma dengu loyamba ndatengera ku Mzimba Boma sabata yatha, ndipo munalibe ngakhale mmodzi woda kunsi.