KACILONDA KA PAKATI PA ZALA KANGAGONETSE MWAMUNA

Ine ndine kalaliki pa mgodi wina wa golide, ndipo nchito yanga ndiyo kulemba maina a anthu amene alephera kutsika pansi cifukwa ca kudwala. Sindine dotolo ai, sukulu yanga inathera ku mishoni. Koma ndifuna kukuuzani, abale anga, zimene ndaona m'buku langa ndi zimene anandiphunzitsa a ku cipatala.

Mwezi wathawu anafika pa zenera langa bambo wina wa kwathu alikutsimphina. Ndinati, "Bambo, mwatani mwendowo?" Iwo anati, "Mwana wanga, kunali kuyabwa cabe pakati pa zala, ndinayesa n'zacibwana." Anakhala nako miyezi iwiri, nathirapo mankhwala oyeretsera zobvala. Pambuyo pace mwendo unatupa kufikira m'bondo, thupi linatentha, ndipo anagona m'cipatala masabata awiri. Bonasi imene anafuna kutumiza kumudzi inathera pomwepo.

Kodi nthendayi icokera kuti? Siicokera kwa mfiti kapena ku magazi oipa. Mwini wace ndi tizirombo tosaoneka ndi maso, ta mtundu wa cuku, abale ace a tija timabweretsa zipere. Timakonda malo ofunda ndi a cinyontho. Tsono taganizani za phazi la munthu wa pa mgodi: pansi pali kutentha, pali madzi ophera pfumbi, ndipo phazi likhala m'jombo ya mphira maola asanu ndi atatu lilikusamba thukuta. Pamene wodwala asamba, timakungu tace tigwera pansi, ndipo mnzace wopondapo wopanda nsapato atenga nthendayo. Kubwerekana thaulo, sokosi kapena jombo kucitanso cimodzimodzi.

Kawirikawiri iyamba pakati pa kacala kakang'ono ndi cinzace. Khungu liyera ngati lakhalitsa m'madzi, liyabwa, lisupuka, kenaka ling'ambika. Pa mng'aluwo ndipo palowera tizirombo tina taukali totupitsa mwendo. Izi ndizo zinagwetsa bambo aja.

Mankhwala alipo. A ku cipatala amapatsa opaka ochedwa clotrimazole kapena miconazole, kawiri pa tsiku kufikira masabata 4. Ena ndi terbinafine, amene amapakidwa sabata imodzi kapena awiri. Aliponso mafuta akale a Whitfield. Sambitsani phazi ndi sopo, lipukuteni liume, ndipo pakani kufikira pa khungu labwino lozungulira. Pamene anthu ambiri alakwa ndi apa: kuyabwa kukaleka asiya mankhwala, koma tizirombo tikali moyo, ndipo nthenda ibweranso. Tsirizani masiku onse amene mwauzidwa. Ikalowa m'zikhadabo, mankhwala opaka sakwanira, pafunika akumwa ocokera kwa dotolo.

Musathire pa cilonda madzi a m'batire, parafini kapena mankhwala ocapira. Zimenezi ziocha khungu ndi kukulitsa bala. Mafuta oyeretsa khungu nawonso abisa nthenda iri mkati mofalikira.

Mukaona mafinya, pfungo loipa, phazi lotupa ndi lotentha, mwanabere m'mphecepece, kapena thupi litentha, pitani ku cipatala tsiku lomwelo. Amene ali ndi nthenda ya shuga asadikire ngakhale cilonda cicepe, pakuti iwo angathe kuduka naco cala kapena mwendo.

Kudziteteza sikufuna ndalama zambiri. Bvalani patapata kosambira. Pukutani pakati pa zala cimodzicimodzi. Khalani ndi sokosi ziwiri kapena zitatu, mubvale zocapa ndi zouma tsiku ndi tsiku. Poweruka tsanulani madzi m'jombo ndi kuziika poti ziume, ndipo phazi lipitidwe mphepo. Mukapita kumudzi musabwerekane thaulo ndi ana, mungawapatsire.

Bambo aja anacira, ndipo tsopano ayenda ndi kansaru ka mapazi okha. Akuru anati mtsinje wa Tinkanena unathera m'Siizi. Usiku uno mukabvula jombo, tambasulani zala zanu muone. Sindifuna kulemba dzina lanu m'buku langa.