Kafangasi komera mchira

Dandaulo la mauka ndi zilonda zoyera za m'kamwa silikutha m'zipatala zathu, makamaka kwa amene angomaliza kumwa maantibayotiki ndi omwe chitetezo chawo chatsika chifukwa cha HIV. Kawirikawiri mwini mlandu ndi Candida albicans, fangasi yemwe ambirife tili naye kale m'kamwa ndi m'matumbo, ali phee osavuta munthu.

Mu labotale ina, katswiri anatapa pang'ono fangasiyu n'kumusakaniza ndi madzi achikasu amene amatsala magazi akaundana. Kenako anaika kabotoloko m'bokosi lotentha madigiri 37, mofanana ndi thupi la munthu. Poyamba pa maikulosikopu pankaoneka timaselo tobulungira, tina titaphukira kamwana pambali. Patadutsa maola awiri kapena atatu, tambiri tinali titamera kamchira kowonda, kosalala, kopanda khosi potulukira. Tina tinali tikadali tobulungira, ngati kuti uthenga sunatifike. Kamchira kameneka kakatalika ndiye ulusi umene umaboola khungu lofewa la m'kamwa.

Uthengawo ndi wa makemikolo. Kutentha, mpweya wa kaboni dayokisaidi ndi tizidutswa ta makoma a mabakiteriya zimadzutsa enzaimu yotchedwa Cyr1, imene imachulukitsa kemikolo yotchedwa cAMP mkati mwa selo, ndipo selo limasiya kuphukira n'kuyamba kutalika. Mu 2001 kunadziwika kuti fangasiyu alinso ndi buleki yakeyake: maselo akathithikana amatulutsa kemikolo yotchedwa farnesol, imene imaletsa ulusi.

Mkangano uli pamenepa. Akatswiri ena amati ulusi ndiwo chida, choncho tipange mankhwala ongoletsa kusinthaku m'malo mopha fangasiyo. Umboni ali nawo: mu 1997 Candida wolephera kumera ulusi anapezeka kuti sakudwalitsa mbewa zoyeserera, ndipo mu 2016 kunadziwika candidalysin, poizoni wotuluka mu ulusiwo. Anzawo akuti musathamange. Candida wokakamizidwa kukhala ulusi nthawi zonse nayenso amafooka, ndipo maselo obulungira ndiwo akuganiziridwa kuti amayenda mosavuta m'magazi. Mbewa zodwala m'magazi zitapatsidwa farnesol, matenda anakula m'malo mochepa. Nanga Candida glabrata, wosamera ulusi weniweni, akugonekeranji anthu m'chipatala? Kwa ine a gulu lachiwirili akuoneka kuti aponda polimba: choopsa n'chakuti fangasiyu amatha kusintha n'kubwereranso, malingana ndi pomwe wafika.

Ngakhale yisiti wa mandasi, Saccharomyces cerevisiae, ali ndi kakhalidwe kofananako. Nayitrojeni akamuchepera, mitundu yake ina imatalikitsa maselo n'kulumikizana m'mizere, kulowa pansi pa chakudya chimene aikidwapo.