Wapabenchi angakhale mwini bwalo? Nkhani ya Jeremy Lin ndi bondo lake

Pa 4 February 2012, timu ya basketball ya New York Knicks ku America inali pamoto. Pa masewero 13 amene inali itangosewera, inagonja 11. Posowa pogwira, mphunzitsi wake Mike D'Antoni anadzutsa mnyamata wa zaka 23 amene ankangokhala pabenchi, dzina lake Jeremy Lin. Pa masewero 23 oyambirira a ligi, mnyamatayu anali atalowa m'bwalo mphindi 55 zokha, chonsecho masewero amodzi amatenga mphindi 48. Usiku umenewo anagoletsa mapointi 25, ndipo Knicks inagonjetsa New Jersey Nets.

Kodi wosewera wamng'ono wotere angapatsidwe udindo waukulu n'kuusunga? Nkhani ya Lin ikuyankha funsoli, ndipo yankho lake likukhudzanso ife amene tikulera ana okonda masewero.

Ntchito yake ndi yotani?

Mu basketball timu imakhala ndi osewera asanu m'bwalo. Lin ankasewera malo otchedwa point guard. Amene mumatsatira ntchemberembaye, ganizirani za senta uja amene amalumikiza kumbuyo ndi kutsogolo, kungoti point guard amaloledwanso kugoletsa. Ndiye amanyamula mpira kuchokera kumbuyo, kuuza anzake poima, ndi kusankha womupatsira. Akataya mpira, timu yonse imavutika. N'chifukwa chake aphunzitsi safulumira kupereka malowa kwa mwana. Amafuna munthu amene amukhulupirira.

Lin sankaoneka ngati munthu woti n'kumukhulupirira. Anakulira ku Palo Alto ku California, makolo ake atachokera ku Taiwan. Mu 2006 anathandiza sekondale yake kutenga chikho m'chigawo cha California, koma palibe yunivesite yaikulu pa masewero imene inamulonjeza maphunziro aulere. Anapita ku Harvard, komwe anamaliza digiri ya zachuma mu 2010. Chaka chimenecho matimu a ligi ya NBA anasankha achinyamata 60, iye osamutchula. Golden State Warriors inamutenga pambuyo pake, koma inkamutumiza ku ligi yaing'ono. Mu December 2011 matimu awiri anamuchotsa ntchito m'mwezi umodzi, Warriors kenako Houston Rockets. Atafika ku New York ankagona pasofa m'nyumba ya mkulu wake, poti sankadziwa ngati akhalitsa.

Mwayi unapeza wokonzeka

Anthu amati unali mwayi, ndipo mbali ina n'zoona. Baron Davis, amene Knicks inkamuyembekeza pamalowa, ankavutika ndi msana. Carmelo Anthony, katswiri wa timuyi, anavulala sabata yomweyo. Khomo linatseguka chifukwa cha mavuto a ena.

Koma m'miyezi ya 2011 imene ligi inaima chifukwa cha mkangano wa malipiro, Lin anali akulimbitsa miyendo ndi kukonza kaponyedwe kake, popanda womuonera kapena womuombera m'manja. Iye ndi Mkhristu wosabisa chikhulupiriro chake, ngakhale si Mkatolika, ndipo nkhani yake imandikumbutsa anamwali anzeru aja amene anasunga mafuta mkwati asanafike. Pa 10 February anagoletsa mapointi 38 posewera ndi Los Angeles Lakers ya Kobe Bryant. Knicks inapambana masewero 7 otsatizana, ndipo dzina la Lin linamveka dziko lonse.

Walira mvula walira matope

Udindo waukulu unaonetsanso pofooka pake. Pa masewero 7 oyamba amene anayamba nawo m'bwalo, anataya mpira ka 45. Matimu ena anamuphunzira n'kuyamba kumutsekera njira. Mu March D'Antoni anatula pansi udindo, ndipo mphunzitsi watsopano anabwera ndi kaseweredwe kena kamene sikankadalira Lin kwambiri.

Kenako thupi linayankhula. Chaka chimenecho timu iliyonse inasewera masewero 66 m'miyezi inayi yokha, mwina masiku atatu otsatizana. Munthu amene ankalowa mphindi zochepa chabe anayamba kuthamanga mphindi zoposa 35. Kumapeto kwa March madokotala anapeza kuti meniscus ya bondo lake lakumanzere yang'ambika. Meniscus ndi kanyama kolimba kamene kamakhala ngati kakhushoni pakati pa fupa la ntchafu ndi fupa la mwendo. Kakang'ambika, bondo limatupa, limapweteka popinda, mwinanso limakana kuwongoka. Lin anachitidwa opaleshoni ndipo sanasewerenso mpaka ligi imeneyo inatha. Sitinganene kuti kuchuluka kwa mphindi kokha ndiko kunang'amba bondolo, koma achipatala timadziwa kuti ntchito ikachuluka mwadzidzidzi, minofu ndi mitsempha sizipeza nthawi yozolowera.

Houston, yomwe inamutaya ija, inamubweza ndi mgwirizano wa zaka zitatu wa madola pafupifupi 25 miliyoni, ndipo chaka choyamba anayamba nawo masewero onse 82. Chaka chotsatira malo ake anatengedwa ndi Patrick Beverley. Anadutsa ku Lakers ndi ku Charlotte, mpaka mu 2016 Brooklyn Nets inamupatsa timu kuti aiyendetse. Mnofu wa kuseri kwa ntchafu unamuvutitsa, nasewera masewero 36 okha. Pa masewero otsegulira ligi mu October 2017, mtsempha wa kunsi kwa kafupa ka pabondo lakumanja unaduka, ndipo chaka chonse chinathera kuchipatala ndi kumafizo. Mu 2019 anatenga chikho cha NBA ndi Toronto Raptors, koma atabwereranso pabenchi.

Yankho ndi lakuti inde, wapabenchi angakwere. Lin anasewera zaka 9 mu ligi imene poyamba inamukana. Koma kukwera kunafuna kukonzeka, ndipo kukhalitsa kunafuna thupi lolimba ndi mphunzitsi womukhulupirira. Zina mwa izi zinali m'manja mwake, zina ayi.

Kwa ife olera ana

Amayi anzanga, kuvulala kwa bondo si kwa ku America kokha. Mwai Kumwenda wathu anavulala bondo mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens ku Australia, nakhala miyezi yambiri kunja kwa bwalo, koma atachira anathandiza timuyo kutenga chikho mu 2020. Ana athu amadumpha pa simenti ndi pa nthaka youma, ambiri opanda nsapato zoyenera. Mwana akauzidwa kuti tsopano aziyamba nawo masewero, amabisa ululu poopa kuti malo ake apita kwa wina. Apa ndiye pofunika maso a mayi.

Akavulala bondo, asiye kusewera nthawi yomweyo. Aike mwendo pamalo okwera, ndipo muikepo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira. Masiku awiri oyamba musathowe ndi madzi otentha, musasisite mwamphamvu, ndipo musateme mphini, chifukwa zimenezi zimaonjezera kutupa kapena kulowetsa tizilombo. Thamangirani kuchipatala ngati akulephera kuponda, ngati bondo latupa m'maola ochepa, ngati anamva kuthetheka mkati, kapena ngati likukana kuwongoka. Asabwerere m'bwalo chifukwa chakuti mphunzitsi akumufuna, koma pokhapokha akutha kuthamanga ndi kudumpha popanda ululu.

Ndipo sukulu isagone. Lin ankagona pasofa uku ali ndi digiri m'chikwama, moti basketball ikanamukana kotheratu, akanakhala ndi pogwira. Mwana wanu akakuuzani kuti akufuna kukhala katswiri, mulimbikitseni, mukamuonerere akamasewera, ndipo madzulo mumufunse za homuweki ndi za bondo.