Chifukwa Chake Malipiro a M'tauni Sakhalitsa M'thumba

Chaka chilichonse mayeso a MSCE akatha, ena mwa ana athu amalongedza zikwama n'kukakwera basi pa Tsangano Turn-off, ulendo wa ku Lilongwe kukafuna ntchito. Pakapita miyezi itatu, kuno kumudzi madandaulo amayamba: mwana uja akulandira ndithu, koma satumiza kanthu. Nayenso mwanayo amayamba kuopa kuyankha foni. Tisanamuweruze kuti ndi woumira, tiyeni tione mmene ndalama imayendera m'tauni. Tiyambe ndi chinthu chimene tonse tikuchidziwa bwino, thumba la kachewere.

Ulendo wa thumba limodzi

Venda akagula thumbalo kwa mlimi wa kuno, amalipira olikweza, kenako amalipira lole yodutsa msewu wathu, umene dzinja likafika umavuta. Lole ikalowa mu M1 imadzera ku Lizulu ndi ku Dedza, ikumwa dizilo njira yonse. Pamsika wa Wakawaka ku Lilongwe pali otsitsa katundu, pali chiphaso cha msika, ndiponso mbatata ina imakhala itaola panjira. Zonsezi venda amaziika pamtengo. Mnyamata wa pachiwaya akagulako ndowa imodzi, amaonjezera za mafuta ophikira, nkhuni ndi kabichi. Mapeto ake mwana wa ku Tsangano amagula kambale ka tchipisi ndi ndalama imene kwawo ikanagula mulu wa kachewere. Mbatata ndi yomweyo, koma dzanja lililonse limene yadutsamo latengapo gawo lake.

Zimene kuno sitiziwerengera

Ambiri a ife timagona m'nyumba zathuzathu, timatunga madzi pamjigo, ndiwo timathyola kudimba, ufa timakagayitsa chimanga chathu. M'tauni chilichonse mwa izi chili ndi mtengo. Lendi amafunika mwezi ukangotha, ndipo eni nyumba ambiri amafuna ya miyezi ingapo munthu asanalowe. Madzi amagulidwa pa chigubu. Magetsi a ESCOM ndi ogula mayunitsi, akatha nyumba ili bii. Moto wophikira ndi makala. Wogwira ntchito kumafakitale a ku Kanengo koma akukhala ku Chinsapo amalipira minibasi kapena kabaza m'mawa ndi madzulo, apo ayi alawire mbandakucha wapansi.

Mzinda umodzi, miyoyo iwiri

Lilongwe anakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 989,318 mumzindamo. Si onse amene amakhala m'nyumba za mipanda zimene timaziona pa Facebook. Area 47, kumene kuli nyumba zikuluzikulu ndi mipopi ya m'nyumba, yayandikana ndi Mtandire, kumene mabanja angapo amagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi. Ambiri olondera, ochapa ndi osesa m'mipandamo amachokera kutsidyako.

Chomvetsa chisoni n'chakuti wosauka ndiye amagula modula. Wamalipiro aakulu amagula thumba lathunthu la chimanga, botolo lalikulu la mafuta ndi thumba la makala. Waganyu amagula kajumbo ka ufa ka tsiku limodzi, mafuta oyeza pang'onopang'ono ndi kamulu ka makala. Tsiku lililonse zimaoneka zochepa, koma mukaphatikiza mwezi wonse, walipira zambiri kuposa mnzake uja. Zikathina amathamangira katapila, ndipo malipiro a mwezi wamawa amatha asanawalandire. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Bwanji mitengo sikutsika?

Mafuta a galimoto, feteleza, mankhwala ndi katundu wina wambiri timaitanitsa kunja, kudzera kumadoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo timalipira ndi madola. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Dizilo akakwera, chilichonse chokwera lole chimakwera naye. Mu February 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi, koma mitengo inali itathamanga kale. Ifenso kuno zimatikhudza pogula feteleza ndi mankhwala opopera mbatata. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tikasowa ndalama timadyabe za kumunda, pamene wa m'tauni akasowa ndalama moto suyaka.

Tichitepo chiyani?

Ophunzira, masamu amene mumaphunzira agwire ntchito pano. Wina akakuitanirani ntchito m'tauni, musangofunsa malipiro. Funsani lendi, thiransipoti, madzi, makala ndi chakudya cha masiku 30, muchotsere, muone chotsala. Bungwe la Centre for Social Concern la ku Lilongwe limawerengetsa kawirikawiri ndalama zimene banja la m'tauni limafunika pa zinthu zofunika kwambiri, ndipo nyuzipepala ndi wailesi zimaulutsa zotsatira zake. Muzizimvetsera. Kumbukiraninso kuti wopita ndi luso, kaya la zamagetsi, ukalipentala kapena kusoka, sayamba ulendo mofanana ndi wopita chimanjamanja.

Makolo, mwana akangoyamba ntchito m'patseni nthawi yoti aime. Lole zimapita ku Lilongwe sabata iliyonse. Kumutumizira ndowa ya ufa, nyemba ndi kachewere kungamupulumutse ku ngongole. Ndipo akaona kuti masamu sakutheka n'kuganiza zobwerera kudzalima, tisamuseke. Tauni sidya popanda minda yathu, ndipo mlimi wodziwa kuwerengera ulendo wa thumba lake sagulitsa mwachimbulimbuli.