Kodi Mumadziwa? Thumba la Ana Ovutika M'sukulu za ku America

• Ku United States, ndalama zambiri zoyendetsera sukulu za boma zimachokera ku maboma a zigawo ndi ku misonkho ya nyumba ndi malo. N'chifukwa chake sukulu za m'madera osauka zimaperewedwa zinthu zambiri. Boma lalikulu la ku Washington limangoponyapo pafupifupi dola imodzi pa madola 10 alionse.

• Pofuna kuchepetsa kusiyanaku, Pulezidenti Lyndon B. Johnson anasainira lamulo la Elementary and Secondary Education Act pa 11 April 1965. Umphawi wa ana ankaudziwa bwino: mu 1928 anaphunzitsapo ana a mabanja ochokera ku Mexico m'tauni ya Cotulla ku Texas.

• Gawo la lamuloli lotchedwa Title I linagawa madola oposa 18 biliyoni mu 2023. Sukulu imene ana 40 kapena kuposa mwa 100 alionse ndi osauka imaloledwa kutukulira sukulu yonse ndalamazi. Koma chigawo sichiloledwa kudula zake poona kuti zabwera za ku Washington.

• Gawo la Title III limathandiza ana amene akuphunzira kumene Chingelezi. Alipo pafupifupi 5 miliyoni, ndipo ambiri kwawo amalankhula Chisipanishi.

• Mu 1974, pa mlandu wa Lau v. Nichols, khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti sukulu za ku San Francisco zinkaphwanya ufulu wa ana pafupifupi 1,800 a mabanja achitchaina powaphunzitsa m'chilankhulo chomwe samachimva, popanda thandizo lililonse lapadera.